Filimu ya 620 inatha kalekale, koma Brownie ya agogo ikujambulabe

Kamerayi ndinaipeza m'sutikesi yachitsulo ya malemu agogo anga aamuna kumudzi ku Ntcheu, sabata imene tinamanga chiliza chawo. Inali pansi pa makadi akale a msonkho, Baibulo lothothoka chikuto ndi envelopu ya tizithunzi ting'onoting'ono tofiirira. Ndi kabokosi kakuda kopepuka, kokhala ndi chogwirira pamwamba, ndipo kutsogolo kwake analemba kuti Six-20 Brownie D. Makamera amenewa kampani ya Kodak inkawapanga ku England kuyambira 1946 mpaka 1957. Agogo anagwira ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, nthawi ya chitaganya, monga ankachitira amuna ambiri a kuno, ndipo amayi amati pobwera anatsika ndi zinthu zitatu zomwe mudzi wonse unadzaonerera: njinga, jekete laubweya ndi kabokosi aka.

Nditatsegula chitseko chakumbuyo n'kukoka chopukusira cha m'mbali, zam'kati zonse zinatuluka ngati dirowa. M'menemo munali kachitsulo kowonda, kokhala ndi timbale tiwiri kumapeto, kopanda kanthu. Ndinatsala pang'ono kukakutumulira pansi pamodzi ndi fumbi. Amayi ndi amene anandigwira dzanja. "Iwe, kabobiniko usataye. Agogo ako ankakasunga ngati ndalama." Pa Chingerezi amakatcha spool, koma kuyambira tsiku limenelo ine ndimangoti bobini, monga anatchulira amayi, chifukwa ntchito yake n'chimodzimodzi ndi bobini ya makina osokera. Ngati mwapeza kamera yakale kwanu, yambani mwayang'ana m'kati, ndipo mukapezamo kachitsulo kotere, kasamaleni kuposa kamera yeniyeniyo. Nkhani yanga yonse yagona pa kachitsulo kameneka.

Ndinayenda m'masitudiyo a ku Zomba ndi ku Blantyre kufunsa filimu ya 620. Anyamata a m'menemo ankangoitembenuza kamerayo uku ndi uku, kenaka n'kundibwezera. Wina anandiuza mwachifundo kuti ndikangoiika pa shelefu ikhale chokongoletsera nyumba. Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza mawotchi pakhonde la sitolo, amene m'mbuyomu ankazungulira m'midzi pa njinga kujambula maukwati ndi ana a sukulu. Atangoiona kamerayo anaitenga ndi manja awiri, n'kuiika khutu, n'kudina kamodzi kuti amve kulira kwake. "Ili moyo iyi," anatero. Nditawafotokozera za vuto la filimu anaseka pang'ono. "Mwana wanga, 620 ndi 120 ndi ana a mimba imodzi. Filimu ndi yomweyo, pepala ndi lomwelo, manambala ndi omwewo. Chosiyana ndi bobini basi." Patatha masiku atatu anandibweretsera bobini yachiwiri ya 620, yadzimbiri pang'ono, imene inali m'chitini cha polishi kunyumba kwawo. Ndalama anakana.

Zimene ananenazo n'zoona ndithu. Filimu ya 120 Kodak inaitulutsa mu 1901, ya kamera yotchedwa Brownie No. 2, ndipo mpaka lero ikupangidwabe ndi makampani monga Kodak, Ilford ya ku England ndi Foma ya ku Czech Republic. Bobini zake zoyambirira zinali za mtengo pakati, zonenepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 Kodak inatenga filimu yomweyo, ya mamilimita pafupifupi 61 m'lifupi, n'kuikulunga pa bobini yachitsulo yowonda, n'kuitcha 620. Ankati akufuna makamera achepe thupi, koma ine ndimaona kuti panalinso nzeru ya malonda: wogula kamera yotere ankabwerera kwa iwo omwewo kukagula filimu. Anasiya kuipanga mu 1995. Kusiyana kwake n'kochepa zedi. Timbale ta bobini ya 120 n'tokulirapo ndi mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, bobiniyo n'njotalikirapo, ndipo bowo lolowa chopukusira n'lalikulu. Koma timamilimita timeneto n'tokwanira kuti filimu ya 120 ikane kulowa m'kamera ya agogo.

Filimu ndinaitanitsa kwa msuweni wanga amene amakhala ku Johannesburg: mipukutu isanu ya Fomapan 100 ndi iwiri ya Ilford HP5 Plus. Inabwera pa basi, ndipo nditailandira ndinaiika m'chitini chotseka bwino mu filiji. Filimu imadana ndi kutentha. Mukaitulutsa mu filiji, isiyeni ola limodzi kapena awiri isanatsegulidwe, kuti isachite mame.

Njira yoyamba imene ndinayesa ndi yachidule, ndipo sindikuilimbikitsa. Ndinatenga chowengera zikhadabo n'kumadula m'mphepete mwa timbale tapulasitiki ta bobini ya 120, filimu ili pomwepo, kenaka n'kupala kumapeto konse kuwiri ndi tupa. Inalowa m'kamera, inde, koma molimba. Nditafika pa chithunzi chachinayi chopukusira chinangoti gwa, ndipo nditakakamiza ndinamva pepala likung'ambika m'kati. Zithunzi zitatu zimene zinapulumuka zinali ndi timadontho paliponse, chifukwa ufa wa pulasitiki uja unalowa pakati pa filimu ndi pepala. Ena njirayi imawayendera, makamaka pa makamera amene malo a filimu ndi otakasuka monga Brownie Hawkeye ya ku America, koma bokosi la ku England ili silikhululuka. Ndipo chonde musapale kamera yeniyeniyo kuti filimu ikwane. Chitsulo chimene mwachotsa simungachibwezeretse.

Njira yeniyeni ndi yosamutsa filimu kuichotsa pa bobini ya 120 n'kuiika pa ya 620, mumdima. Kuti mumvetse bwino, dziwani kaye mmene mpukutu wa filimu unapangidwira. Pali pepala lalitali pafupifupi mita ndi theka, lakuda mbali imodzi, la manambala mbali inayo. Filimu yeniyeni ndi yaifupi, yangopitirira pang'ono masentimita 80, ndipo imagona chapakati pa pepalalo. Kumene imayambira anaimata ku pepala ndi katepi kamodzi. Kumene imathera sanaimate, ili payokha. Mbali yosamatayi ndi imene imavutitsa aliyense.

Kusamutsa kumachitika kawiri, kupita ndi kubwerera, chifukwa mukangokulunga kamodzi filimu imakhala chadodolido, nambala 8 kunja, nambala 1 m'kati. Ulendo woyamba ndi wosavuta. Mumadula kapepala komanga mpukutu, n'kulowetsa nsonga ya pepala pa bobini yopanda kanthu, n'kumakulunga mpaka zonse zasamuka. Zala zimamva katepi kakudutsa, kenaka filimu yoterera, kenaka pepala lokhalokha. Ulendo wobwerera ndi umene umafuna mtima wodekha. Mumalowetsa mchira wa pepala mu mng'alu wa bobini ya 620, n'kuonetsetsa ndi zala kuti pepala lakhala pakatikati, silikukwera kambale kalikonse. Mumakulunga pang'onopang'ono, bobini ziwirizo zili pafupi kwambiri, chala chimodzi chikuyenda m'mphepete kudikira nsonga ya filimu yosamata ija. Ikafika imadzipinda yokha kufuna kuthawa. Muyenera kuigwira m'mbali, kuigoneka pa pepala, n'kuilowetsa pansi pa mpukutu kuti ikulungike pamodzi ndi pepalalo. Mukaiphonya, pepala limapita lokha, filimu n'kutsala ikulendewera.

Mukayandikira kumapeto, pomwe pali katepi paja, mupeza kuti filimu yatukuka, yachita kalinunda. Musadabwe. Bobini ya 620 ndi yowonda, choncho filimu ndi pepala sizikulungika mofanana ndi mmene zinalili poyamba, ndipo kusiyana konseko kumadzasonkhana pa katepipo. Musakapanikize kalinundako. Matulani katepi ku pepala mosamala, isiyeni filimu igone yokha, n'kumatanso katepiko pomwe kafikira. Mukatero malizani kukulunga mwamphamvu ndithu, mangani ndi kalabala, n'kukulunga mpukutuwo m'pepala la siliva kapena kuubwezera m'kathumba kake. Ndinapezanso kuti ngati ulendo woyamba mwagwiritsa bobini ya 620, kalinundako kamachepa. Koma kuti muyende ndi kamera mufunika bobini za 620 ziwiri: imodzi yokhala ndi filimu, ina yolandira m'kamera.

Tsiku loyamba ndinachitira zimenezi usiku wa mu Okutobala, magetsi atazima, ndili m'chipinda, zenera nditatchinga ndi bulangete, pansi pa chitseko nditatsekapo ndi chitenje. Ndinakhala kaye mphindi khumi kuti maso azolowere, ndipo ndinaona kuwala kwa nyali ya aneba kukulowera pa bowo la kiyi. Ndinamatapo tepi. Foni ndi wotchi yowala ndinazisiya pabalaza. Unali mdima wa ndiweyani, koma kunja kunali kotentha, thukuta lili kamukamu, ndipo zala zonyowa zinagwira filimu pakati. Filimu itatsukidwa, chala changa chachikulu chinali chitasindikizika pamwamba pa phiri la Zomba. Panalinso tizizindikiro tokhota ngati mwezi wongooneka kumene, tomwe timabwera filimu ikapindika. Kuyambira pamenepo ndimasamba m'manja ndi sopo, kuumitsa bwinobwino, n'kuchita ntchitoyi m'bandakucha kukadali kozizira, ndipo filimu ndimaigwira m'mphepete mokha. Pambuyo pake ndinagula thumba lakuda la ojambula, la mikono iwiri yolowetsamo manja, koma m'nyengo yotentha manja amatuluka thukuta msanga m'menemo, choncho chipinda chamdima ndimachikondabe.

Malangizo amene ndikanakonda wina akanandipatsa poyamba ndi awa: perekani mpukutu umodzi nsembe. Utsegulireni poyera, masana, muone ndi maso katepi, nsonga yosamata ndi kalinunda kaja. Kenaka muusamutse kakhumi mukuyang'ana, kakhumi mutatsinzina. Filimu n'njodula, ndikudziwa, koma ine ndinaononga mipukutu iwiri ndi zithunzi zake pofuna kupulumutsa umodzi. Uja unang'ambika pepala ndi umene unakhala wophunzirira, ndipo ndikadali nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero kusamutsa kumanditengera mphindi zosakwana zisanu.

Filimu ikalowa, pali zina zimene kamera ya 1950 sidziwa za filimu ya lero. Kumbuyo kuli kazenera kofiira koonerapo manambala. Mafilimu ambiri a anthu wamba akalekale sankamva kuwala kofiira, n'chifukwa chake kazenerako anakapanga kofiira. Filimu ya lero imamva mitundu yonse, ndipo kazenera ka kamera yanga kanasuluka, kali ngati lalanje. Mpukutu wina unatuluka ndi chibanga chozungulira pa chithunzi chilichonse. Tsopano ndimamatapo tepi yakuda ya amagetsi, n'kumaitsegula pokhapokha popukusa, nditafulatira dzuwa. Popukusa muzionetsetsa: mumadutsa mivi ndi timadontho, kenaka nambala. Pepala la 120 lili ndi mizere itatu ya manambala, wa zithunzi 8, wa 12 ndi wa 16, ndipo kazenera ka kamera iliyonse kanalunjika pa mzere wake. Yangayi imapereka zithunzi 8 zokha, chilichonse masentimita 6 kwa 9. Manambala a mafilimu ena ndi otuwa, ovuta kuona, ndiye pukusani modekha, chifukwa mukadutsa nambala kubwerera kulibe. Dzizolowezeninso kupukusa mukangojambula. Kamerayi ilibe chokuletsani kujambula kawiri pamalo amodzi.

Chinanso ndi mphamvu ya filimu pomva kuwala, imene amaiyeza ndi nambala yotchedwa ISO. Bokosili lilibe zosintha zambiri. Kachitseko ka kuwala kamatseguka pa liwiro limodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 40 kapena 50 a sekondi, ndipo bowo la diso lake, pa muyeso wa ojambula, lili cha pa f/11. Analipangira mafilimu ofooka a nthawi imeneyo. Ndi dzuwa la kwathu kuno, HP5 Plus ya ISO 400 masana inandipatsa negetivu (filimu yotsuka kale, pomwe zowala zimaoneka zakuda) yakuda bii, yothina, nkhope zosaoneka bwino. Ya ISO 100 kapena 125, monga Fomapan 100 kapena Ilford FP4 Plus, ndi imene imagwirizana nayo, ndipo dzuwa likakhala paliwombo ngakhale Pan F Plus ya ISO 50 imakwanira. Ya 400 isungireni tsiku la chiperoni kapena pamthunzi wa khonde. Liwiro limeneli n'lochedwa, choncho kamera itsamiritseni pamimba, yang'anani pansi m'kagalasi, gwirani mpweya, dinani mofatsa. Munthu aime masitepe anayi kapena asanu kuchoka pomwe muli. Mukafuna kumuyandikira, mtundu wa D uli ndi kachitsulo kokoka m'mbali kamene kamabweretsa galasi lojambulira pafupi. Diso la kamera ndinalipukuta mbali zonse ndi kathonje konyowa pang'ono, chifukwa utsi wa zaka zambiri unkachititsa zithunzi kuoneka ngati za m'nkhungu.

Tsopano nkhani imene imandiwawabe. Mpukutu wanga wachitatu, woyamba kuusamutsa bwino, ndinaupatsira munthu wopita ku Johannesburg kuti akautsukitse. Negetivu zinabwera zokongola. Bobini sinabwere. Kumalo otsukirako anaitaya monga amatayira zapulasitiki za 120, ndipo sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa sindinalembe kalikonse. Inali ija ya m'chitini cha polishi. Ndinachita manyazi kubwerera kwa bambo a mawotchi aja, koma ndinapita n'kuwauza. Anangopukusa mutu. "Bola yatsala ya agogo ako," anatero. Kwa miyezi iwiri kamera inangokhala, chifukwa ndi bobini imodzi simungajambule. Kenaka ndinaitanitsa zapulasitiki zimene anthu amapanga ndi makina a 3D printer n'kumagulitsa pa intaneti. Zimagwira ntchito, koma timbale take n'tofewa, ndipo bowo la chopukusira limadyeka, ndiye zapulasitikizo ndimaikapo filimu yatsopano, yachitsulo ya agogo n'kukhala yolandira. Ngati mukutumiza filimu kwa otsuka, lembani pa mpukutu pomwepo kuti bobini ibwerere, kapena, chimene chili chabwino koposa, lowaninso mumdima muibwezere filimuyo pa bobini yake ya 120 musanatumize. Masitolo ena a ku America amagulitsa filimu yosamutsiratu pa bobini za 620, koma mukaphatikiza mtengo wake ndi wotumizira, thumba silipirira.

Kutayika kwa bobini kuja n'kumene kunandikankha kuti ndiyambe kutsuka ndekha filimu yakuda ndi yoyera. Sizifuna zambiri: kathanki ka Paterson, komwe ka filimu ya 120 kamalowa madzi theka la lita, mankhwala otulutsa chithunzi, mankhwala okhazikitsa, ndi choyezera kutentha. Ine ndimagwiritsa Rodinal, mankhwala akale kwambiri a m'ma 1890, chifukwa botolo limodzi limakhala nthawi yaitali osaonongeka, ndipo gawo limodzi limasungunulidwa m'magawo 50 a madzi. Madzi ayenera kukhala pa madigiri 20. A pampopi mu Okutobala amapitirira pamenepo, ndiye ndimaponyamo timiyala ta ayezi mpaka atsike. Filimu ndimayanika m'bafa nditathira madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Ikauma ndimaigoneka pa galasi lowala kunsi, kuijambula ndi foni, n'kuitembenuza pa kompyuta kuti zakuda zikhale zoyera, zoyera zikhale zakuda.

Amene mwapeza makamera a mitundu ina, njira zilipo ngakhale sizifanana. A 116 ndi 616, amene filimu yake inali ya mamilimita 70 ndipo inatha mu 1984, amalandira 120 mukaveka tizipewa tapulasitiki kumapeto kwa bobini, koma manambala a pa kazenera salondola, muyenera kuwerenga nokha kupukusa. Ya 127, ya mamilimita 46, imene inayamba mu 1912, anthu amaicheka kuchokera ku 120 mumdima. Makatiriji (timabokosi ta filimu) a 126 a makamera a Instamatic a 1963 ena amawatsegula n'kuikamo filimu ya mamilimita 35. Ya 110 ndiye kampani ya Lomography inayambanso kuigulitsa mu 2012. Mwa zonsezi, 620 ndi yosavuta, chifukwa simudula kanthu.

Pa Khirisimasi ndinapita nayo kamerayo kumudzi. Ndinawaimika amayi pa khonde la nyumba ya agogo, cha m'ma 9 koloko m'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Anavala chitenje chawo cha kumpingo, n'kuima chilili manja atagwirizira kutsogolo, osamwetulira, monga ankaimira anthu akale pojambulidwa. Sindinawauze kuti atero. Negetivu itauma ndinatulutsa envelopu ija ya m'sutikesi. Tizithunzi ta agogo n'tating'ono chifukwa nthawi imeneyo ankangogoneka negetivu pa pepala n'kuwalitsa, osakulitsa, choncho chithunzi chinkatuluka msinkhu wa negetivu yomwe. Ndinatenga kamodzi, ka mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri ataima pafupi ndi njinga, n'kusanjikapo negetivu yanga. Zinalingana ndendende. Pa ngodya ya kumanzere m'munsi, chithunzi chakalecho chili ndi kamano kakang'ono kolowa m'kati. Negetivu yanga inalinso ndi kamano komweko. Ndinatsegula kamera, ndipo pa chitsulo chimene filimu imagonapo ndinapeza pomwe panapindika pang'ono.

Ndinawaonetsa amayi zonse ziwiri pa zenera. Anayang'ana kanthawi, kenaka analoza mtsikana wa pa njingayo ndi chala. "Diresi ili anandigulira ku Salisbury, linali lobiriwira," anatero. Anandifunsa ngati filimu yatsala, chifukwa azakhali a ku Balaka akubwera pa Chaka Chatsopano ndipo sanajambulidwepo limodzi chimwalirire agogo. M'chitini munali mpukutu umodzi wa Fomapan. Usiku womwewo ndinapempha bulangete lotchingira zenera.